Nangozo watapa ndalama za gulu, kenako walanda mbuzi ya mnzake: ndimukonze kapena ndimulange?

Funso

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Ntcheu ndipo ndikulemba buku langa loyamba la nkhani yopeka. Mpangankhani wamkulu ndi Nangozo, mayi wamasiye wogulitsa kachewere pa Lizulu. Ndi msungichuma wa banki m'khonde ya m'mudzi mwawo komanso munthu wolemekezeka ku mpingo. Mwana wake wamkazi, Tadala, wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko koma ndalama palibe, ndiye Nangozo akutapa K300,000 ya gulu mwakachetechete, n'cholinga choti abweze asanagawane mu Disembala. Mkati mwa nkhaniyo mayi wina wa m'gulumo, Nambewe, akulephera kubweza ngongole ya K80,000, ndipo Nangozo yemweyo ndi amene akutsogolera amayi kukalanda mbuzi yake. Pamapeto Nangozo akubweza ndalama zonse, palibe wadziwa, Tadala akupitiriza sukulu. Anzanga atatu awerenga. Woyamba akuti Nangozo ndi wachiphamaso, iye sangamukonde. Wachiwiri akuti bukuli liphunzitsa atsikana kuti kuba kumapindulitsa, ndiye Nangozo agwidwe, amangidwe. Wachitatu akuti ndingochotsa mutu wa mbuziwo, zonse zikhala bwino. Ineyo Nangozo ndimamukonda. Nditani?

Yankho

Aphunzitsi, mutu wa mbuziwo musaukhudze. Mukauchotsa mutsala ndi nkhani ya mayi wosauka amene anavutikira mwana wake mpaka zinatheka, ndipo yoteroyo tinaimva kale kambirimbiri pa wailesi ndi m'zisudzo za tsiku lotsekera sukulu. Apolisi nawonso musawaitane msanga. Anzanu atatuwo anunkhiza chinthu chenicheni, kungoti aliyense waloza pamalo polakwika. Chimene chawasowetsa mtendere n'choti inu mlembi mukumuikira kumbuyo Nangozo, ndipo mwaulula nokha m'mawu anu omalizawo.

Nangozo wachita zinthu ziwiri zosiyana kulemera. Choyamba, watapa ndalama za gulu. Kholo lililonse limene linagwirapo kalata yoti mwana wasankhidwa, pansi pake pali mndandanda wa matiresi, ndowa, yunifolomu, nsapato zakuda ndi ndalama zogonera, limvetsa popanda kulifotokozera. Silivomereza ayi, koma likudziwa m'mene mutu umazungulirira usiku wotero. Owerenga athu anazolowera kuona munthu wabwino akupinda lamulo atapanikizika. Azamba aja a m'buku la Eksodo, Sifra ndi Puwa, ananamiza Farao kuti apulumutse ana aamuna, ndipo simudzamva mlaliki akuwatcha achinyengo. Kusiyana kwake n'koti bodza la azambawo linapweteka mfumu yankhanza, pamene dzanja la Nangozo lalowa m'thumba la amayi anzake osauka ngati iye yemwe. Komabe mpaka apa wowerenga akuyenda naye.

Chachiwiri ndiye cholemera. Waima pabwalo la Nambewe, kope la gulu lili m'manja, n'kuweruza mnzake pa mlandu wochepa kuposa wake. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu, ndipo wowerenga akaona nyani wina akuseka mnzake amafuna kudziwa chamupangitsa. Mmene mwafotokozeramu, zinthu ziwirizi zangoyandikana m'buku mwanu koma sizinamangidwe chingwe chimodzi. Nangozo akuba pa mutu wina, akulanda mbuzi pa mutu wina, ngati kuti ndi anthu awiri. N'chifukwa chake mnzanu wachitatu akuona kuti mutu wa mbuziwo ungachoke popanda kugwetsa kanthu. Ntchito yanu yaikulu ndi kuchititsa kuti kulanda mbuziko kubadwe kuchokera m'kutapa ndalama kuja.

Njira yake ilipo, ndipo ili m'kayendetsedwe ka banki m'khonde komweko. Nambewe akapanda kubweza, amayi ayamba kung'ung'udza, wina anena kuti tiwerengere ndalama zonse tsopano lino tidziwe pamene tili, tisadikire Disembala. Kuwerengera kumeneko kukachitika dzenje la Nangozo lioneka. Ndiye Nangozo akufunika kuti nkhani ya Nambewe ithe msanga, maso a gulu onse akhale pa mbuzi, asatembenukire ku kope. Mukalemba choncho, chiphamaso chake sichikhalanso khalidwe limene mlembi wangomumata nalo. Chikhala chipatso cha mantha, ndipo wowerenga aona yekha kuti mbuzi ya Nambewe yagulitsidwa kuti iphimbe manyazi a munthu wina.

Koma mantha okha sakwanira. Munthu wachiphamaso wa m'nkhani zofooka amadziwa kuti akunyenga, amamwetulira mwachinsinsi akatembenuka. Oterowo m'moyo weniweni ndi ochepa. Ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mlandu wawo ndi wina, wa mnzawo ndi wina. Kumbukirani Davide pamene mneneri Natani anamufotokozera za munthu wolemera, wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, amene analanda kamwana kankhosa kamodzi ka munthu wosauka kuti aphere mlendo. Davide anapsa mtima zenizeni, nanena kuti munthu wotero ayenera kufa ndi kubweza kanayi. Sankachita sewero. Anali atatenga mkazi wa Uriya ndi kuphetsa mwini wake, koma m'nkhani ya Natani sanadzionemo mpaka anachita kuuzidwa. Nangozo wanu akhale wotero. Akamakalipira Nambewe, mkwiyo wake ukhale weniweni. M'mutu mwake akuti: ine ndabwereka ndipo ndikugona tulo tochepa kufunafuna zobweza, ine ndatengera sukulu ya mwana, uyu wangokhala. Wowerenga akamva maganizo amenewa achita mantha pang'ono, chifukwa ndi momwe iyenso amadzilankhulira.

Tsopano funso limene anzanu sanakufunseni koma mayi aliyense wa m'banki m'khonde adzakufunsani: ndalamazo anazitapa bwanji? Njira imeneyi ya kusunga ndi kubwereketsana, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991 isanafalikire maiko ambiri kuphatikizapo kwathu kuno, inapangidwa dala kuti munthu mmodzi asathe kuchita zimene Nangozo wachita. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi. Masheya amagulidwa pamaso pa onse, ndalama zimawerengedwa mokweza, ndipo nthawi zambiri m'bokosimo simutsala zambiri chifukwa zabwerekedwa. Mukangolemba kuti usiku wina anatsekula bokosi n'kutapamo, owerenga amene mukuwafuna kwambiri atseka bukulo pomwepo. Pafunika mupeze mpata weniweni, ndipo mipata yake ilipo m'magulu amene atayirira malamulo chifukwa chokhulupirirana. Mayi amene sabwera ku msonkhano chifukwa cha maliro amapatsira msungichuma ndalama zobweza pamsika. Wina amatumiza pafoni, pa nambala ya msungichumayo. Kapena Nangozo alembetse ngongole m'dzina la agogo ena a m'gulumo osadziwa kuwerenga, amene amangodinda chala pamene alozeredwa.

Dziwani kuti njira imene musankhe isintha kulemera kwa tchimo lake. Akagwiritsa ntchito chala cha agogo aja, wowerenga amutaya msanga ndipo simudzamubwezanso. Ine ndikadasankha ndalama zopatsidwa pamsika, chifukwa zimalola kuti aterereke pang'onopang'ono. Tsiku loyamba wagwiritsa ntchito K5,000 ya mnzake kulipira wonyamula matumba, mawa lake wabweza, palibe chaipa. Sabata ina K20,000, wabweza patatha masiku anayi. Pofika tsiku la kalata ya Tadala dzanja linazolowera kale, ndipo mtima unaphunzira kale kunena kuti uku n'kubwereka. Mungathe kudzala mbewu yake ngakhale pa mutu woyamba, pamalonda ake enieniwo. Aliyense amene anatsikapo basi pa Lizulu kugula kachewere amadziwa kuti zikuluzikulu zimasanjidwa pamwamba pa ndowa, timbalinga tili pansi. Palibe amakutcha kuba, ndi m'mene malonda amayendera. Muonetseni Nangozo akusanja ndowa yake motero m'mawa, akuimba nyimbo ya kwaya, Tadala akumuthandiza. Musathirepo ndemanga. Wowerenga adzakumbukira yekha ikadzakwana nthawi.

Tifike pa kukondera kuja. Sindinawerenge zolemba zanu, koma mlembi akamakonda mpangankhani wake mopitirira pali zizindikiro zimene zimabwera pafupifupi nthawi zonse, ndipo mukafufuze ngati mulibe. Chimodzi ndi mawu oti "analibe kuchitira mwina" kapena ofanana nawo, otuluka pakamwa pa wofotokoza nkhani. Akawanena Nangozo mwini, zili bwino, ndi m'mene akudzitonthozera. Mukawanena inu, mwasanduka loya wake. Ndipo si zoona. Nangozo anali ndi makomo ena. Akadatha kupempha ngongole poyera m'gulu momwemo, ngakhale malamulo a magulu ambiri salola kubwereka kuposa katatu ka masheya ako, ndipo mwina zikadaperewera. Akadatha kubwereketsa dimba limene anasiya malemu amuna ake. Akadatha kukagwada kwa alongo ake kapena kwa achibale a kuchimuna amene anakangana nawo pa maliro. Akadatha kumusiya Tadala pa sekondale yoyendera ya pafupi, monga amachitira makolo ambirimbiri. Khomo lililonse lili ndi mtengo wake wowawa, koma lilipo. Muonetseni akuliyang'ana n'kulikana. Mukatero tidziwa kuti mwa zimene zamukankha muli chikondi cha mwana, inde, koma mulinso kunyada: mayi amene mudzi wonse umabwera kudzabwereka kwa iye sangapirire kuti amuone akupempha. Kunyada kumeneko ndi kumene kudzamupange munthu wamoyo.

Chizindikiro china ndi m'mene mwamujambulira Nambewe. Mlembi wokondera amamupanga waulesi, wamiseche, wodya ngongole pogula zitenje, kuti mbuzi ikamapita wowerenga anene kuti zamukwana. Ngati mwatero, chiphamaso chachoka kwa Nangozo chabwera kwa inu, chifukwa mukuweruza amayi awiri a mlandu umodzi ndi miyeso iwiri. Mupatseni Nambewe chifukwa chomveka. Mwina tomato wake anapsa ndi matenda, mwina ndalamazo zinathera kuchipatala. Mupatseninso mwana wa sukulu, kuti wowerenga aone kuti ana ofuna tsogolo m'mudzimo si Tadala yekha. Ndipo pa tsiku la mbuzilo musathamange. Ndikupatseni chitsanzo cha kuyandikira kumene ndikunena, inu mudzalemba mwanjira yanu.

Amayi afika m'mawa dzuwa la Novembala lisanakwere. Nambewe wasiya tsache, wawayalira mphasa, wagwada n'kuwalonjera mmodzimmodzi monga mwa mwambo, ngakhale akudziwa chimene abwerera. "Mwadzuka bwanji aNangozo? Nanga ana kusukuluko akumva bwanji?" Nangozo wayankha mwachidule, watsekula kope, wawerenga ndalama ndi chiwongoladzanja chake, mawu ake osanjenjemera. Mbuzi yamangidwa pa mtengo wa pichesi ndi chingwe chopota kuchokera ku neti yakale ya udzudzu, ndipo ili ndi bere. Ikukana kukokedwa ndi alendo, ndiye akuitana mnyamata wa Nambewe wa Sitandade 8 kuti aimasule yekha ndi kuiperekeza mpaka kumsewu, poti imamudziwa iyeyo. Pamene akunyamuka Nambewe akungoti, "Chingwecho mudzandibwezere, ndilibe china." Ndipo Nangozo, m'njira monse, akuwerengera mumtima kuti mbuzi ya bere ingagulidwe zingati pa tsiku la msika, ndi kuti zikalowa m'kope amayi asiya kunena zowerengera.

Palibe pamene ndanena kuti Nangozo ndi woipa, palibenso pamene ndamuchonderera. Wowerenga waona yekha chingwe cha neti ndi mnyamata uja, ndipo ayenda nazo mpaka kumapeto kwa buku.

Chizindikiro chachitatu ndi mwayi. Mwati pamapeto akubweza ndalama zonse. Wazipeza kuti? Ngati yankho n'loti mitengo ya kachewere inangokwera mwadzidzidzi, kapena m'bale wa ku Joni anatumiza kangachepe pa nthawi yake, ndiye kuti inu mwalowetsa dzanja m'nkhani kudzamupulumutsa. Dziko silichita choncho, kawirikawiri limachita zosemphana. Ngati nkhani yanu mwaiika m'chaka cha 2023, mwachitsanzo, muli ndi chinthu chenicheni chogwiritsa ntchito: mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mayendedwe ndi feteleza n'kukwera nthawi yomweyo, pomwe mlimi akukonzekera kudzala. Mayi amene anatapa mu Seputembala akuganiza kuti miyezi itatu imukwanira, apeza phindu lake la pamsika likusungunuka. Kuti adzaze dzenjelo afunika kuchita chinthu china chimene sakadachita: kupita kwa wakatapila, kugulitsa feteleza wa munda wake womwe, kapena kupanikiza mayi wachiwiri wa m'gulumo. Kubwezako kukhale ndi mtengo umene tikuuona.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi mnzanu wachiwiri, wofuna unyolo. Pa mbali ya malamulo iye sakulakwa. Malamulo a milandu a dziko lino amati munthu wotenga ndalama za wina n'kuzigwiritsa ntchito m'mene iye akufunira waba ndithu, ngakhale atakhala ndi maganizo odzabweza pambuyo pake. Nangozo atagwidwa, mawu oti "ndimafuna kubweza" sangamuchotsere mlandu. Mfundo imeneyi mungathe kuiika pakamwa pa munthu wina m'bukumo, mwina akukamba za nkhani ina, Nangozo ali pomwepo akumvetsera. Koma kuti buku likhale loona sizitanthauza kuti wolakwa aliyense amangidwe. Tonse tikudziwa anthu amene anachita zoposa za Nangozo ndipo akuyenda bwinobwino, ena timawapatsa mipando ya kutsogolo. Mwana wa sekondale amene mukumuopera kuti asokonezeka akudziwa zimenezi kuposa ife. Mukamunamiza kuti wakuba aliyense amagwidwa pa mutu womaliza, aleka kukhulupirira bukulo, ndipo chiphunzitso chimene mumafuna chipita nalo limodzi.

Chizolowezi chofuna chilango pamapeto ndikuchimvetsa kumene chimachokera. Inu nomwe m'kalasi mumafunsa ana kuti atchule phunziro la m'nkhani, mayeso amafunsanso chimodzimodzi, ndipo zisudzo zambiri za mabungwe zimalembedwa kuti uthenga umveke ngakhale kwa wodutsa panjinga. Koma nthano za makolo athu sizinali zamantha choncho. Kalulu amanamiza Njovu, amapusitsa Fisi, nthawi zambiri n'kuthawa osalangidwa, ndipo agogo ankatifotokozera zimenezi usiku osaopa kuti tisanduka akuba. Ankadziwa kuti mwana amatha kuseka nzeru za Kalulu uku akumvera chisoni wopusitsidwayo. Ngakhale Aristotle, Mgiriki amene analemba za zisudzo zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaona kuti munthu wotigwira mtima m'sewero ndi wapakatikati, wosayera kwambiri komanso wosaipitsitsa, amene tsoka lake likuchokera m'kulakwitsa kwake komwe. Mawu omalizawa ndi amene akukukhudzani. Chimene chidzamugwere Nangozo chichokere m'zimene wachita. Ngozi ya minibasi pa msewu wa M1, mphenzi, matenda odzidzimutsa, zonsezi ndi zilango zobwereka, ndipo wowerenga amaona dzanja la mlembi likuziponya.

Ndiye alipire chiyani, ngati sagwidwa? Ganizirani tsiku logawana. Ndalama zakwana ndendende, amayi akululutira, wapampando akuimirira kuyamikira msungichuma wokhulupirika amene sanaope kukalanda mbuzi pofuna kuteteza chuma cha gulu. Asonkherana amugulira chitenje, amusankhanso chaka chamawa popanda wopikisana naye. Nangozo ayenera kuimirira, kulandira chitenjecho ndi manja awiri, kuthokoza. Mukalemba bwino, mphindi imeneyo imuwawa kuposa chitolokosi, ndipo wowerenga sanganene kuti kuba kwapindula. Kapena mnyamata wa Nambewe uja wasiya sukulu, tsopano ndi amene akunyamula matumba a kachewere pamsika, ndipo tsiku lililonse amabwera kudzafunsa Nangozo ngati pali ganyu. Kapena Tadala, mwana wanzeru amene wapita kusukulu kukaphunzira masamu, abwera pa holide n'kutsekula kope lija kuti athandize mayi ake kuwonkhetsa, n'kuona madeti osagwirizana. Sanena kanthu, koma kuyambira tsiku limenelo akalandira ndalama ya m'thumba amayamba wafunsa kumene yachokera. Njira yachitatuyi ndiyo ndikuikonda kwambiri, chifukwa chinthu chimene Nangozo anachimwira, maphunziro a mwana, ndi chomwecho chimene chapatsa mwanayo maso omuonera. Musatenge zitatu zonsezi. Imodzi yokwanira bwino iposa zitatu zothamangira.

Za mnzanu woyamba, amene akuti sangamukonde Nangozo, ndili ndi mawu awiri osiyana. Oyamba ndi oti wowerenga sakakamizidwa kukonda mpangankhani wamkulu ngati kuti akufuna kumukwatira. Chofunika n'choti asathe kumusiya, afune kudziwa chimene achite pa tsamba lotsatira. Ndipo mufunseni mnzanuyo ngati akadanena zomwezo Nangozo akadakhala bambo. Mwamuna wa m'nkhani akazembetsa matumba kudutsa malire usiku, poti pa Lizulu Mozambique ili kutsidya kwa msewu chabe, kenako n'kukadzudzula mnyamata wakuba nkhuku pabwalo la amfumu, ambiri timangoti ndi wochenjera, ndi m'mene amuna alili. Mayi akachita zofanana timafuna achotsedwe m'buku kapena afe. Nkhani zathu zambiri zili ndi amayi a mitundu iwiri yokha, wopirira wosalakwa ndi woipa wotheratu, pamene amayi amene timakhala nawo, amene agwira mabanja a ku Ntcheu ndi ku Dedza ndi madimba ndi timabizinesi ta pamsewu, ali pakati penipeni. Mukulemba mayi wotero, ndipo n'chifukwa chake ndikuti musamukonze.

Mawu achiwiri akupita kwa inu. Musatembenuze mfundo imeneyi kukhala chishango cha Nangozo. Kukhala mayi wamasiye wolera yekha ana sikufafaniza zimene wachita, pakuti wolandidwa mbuziyo ndi mayinso, mwina wovutika kuposa iye. Alembi ena pofuna kuonetsa mayi wamphamvu amafika pomuvomereza chilichonse, ngati kuti mphamvu ndi chilungamo n'chimodzi. Nangozo ndi wamphamvu ndithu, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene yachititsa kuti amayi ena amutsate pa ulendo wa mbuzi popanda wofunsa. Pamenepa pali kanthu kena kamene mungakagwiritse ntchito: amayi anzakewo nawonso si oyera. Ena mwa iwo ankadziwa vuto la Nambewe koma anaganiza za phindu lawo la mu Disembala. Chiphamaso cha munthu mmodzi chimakula bwino pamene gulu lonse lili ndi chifukwa chosafunira kuyang'anitsitsa.

Kanthu kena ka luso. Simunanene ngati nkhaniyi akufotokoza ndi Nangozo mwini kapena wofotokoza wapadera. Zonse zingatheke, koma pa nkhani ya munthu wodzinamiza, kumupatsa mwini wake pakamwa kumapindula kwambiri, bola muzimulola kudziulula mosadziwa. Anene yekha kuti, "Ine ndalama za anthu sindinadyepo, ngakhale wani tambala," pamene wowerenga wangomuona akuzipinda m'kansalu. Atchule ndalama za Nambewe mpaka kakobiri komaliza, koma zake azingoti "kangachepe kaja". Azikumbukira bwino chilichonse chimene Nambewe anamulakwira zaka zapitazo, n'kuiwala tsiku limene Nambewe anagona pamaliro a amuna ake akuphika. Mpata umene uli pakati pa zonena zake ndi zimene tikuona ndi umene udzagwire ntchito imene inu mukufuna kuigwira ndi ndemanga. Mukasankha wofotokoza wapadera, muletseni kuweruza ndi kuchonderera komwe, ndipo mumulole kamodzi kapena kawiri kuti atuluke m'mutu mwa Nangozo akagone kunyumba kwa Nambewe usiku umene khola lili lopanda kanthu.

Mukamaliza kukonza, musabwererenso kwa anzanu atatu aja poyamba, poti aliyense adzafuna kuona ngati mwamvera iye. Pezani amayi awiri kapena atatu amene ali m'banki m'khonde zenizeni, muwawerengere mokweza mutu wa kutapa ndalama ndi wa mbuzi. Musawafunse ngati akumukonda Nangozo. Afunseni ngati zikadatheka m'gulu mwawo, ndi kuti ndani akadayamba kukayikira. Adzakuuzani zinthu zimene inu ndi ine sitingaziganize, monga amene amakhala pafupi ndi bokosi, amene amaloweza ndalama zotsala pamtima, ndi mawu enieni amene amanenedwa munthu akachedwa kubweza.

Ndipo ngati Nangozo mwamutenga kwa munthu weniweni, monga alembi ambiri oyamba amachitira, sinthani zambiri kuposa dzina. Sinthani malonda ake, mpingo wake, chiwerengero cha ana, ngakhale mudzi muupeke. Anthu a pa Lizulu, Tsangano ndi Mlangeni amadziwana, ndipo buku la mphunzitsi wa kwawo komweko adzaliwerenga akufufuza kuti uyu ndi ndani. Inu mukugwira ntchito m'boma lomwelo, ana a amayi amenewo ali m'kalasi mwanu, ndipo mudzakumana nawo pamaliro.